Mbereko ya ku Damu la Nsambadzi

Poti magetsi athimanso ndipo makina anga osokera angoti duu, sendezani mipando kuno ku mbaula ndikuuzeni za tsiku limene ndinakaona kumene magetsiwa amachokera. Ena mwa inu munamvako kale, koma munamva kwa anthu amene sanakwere nawo boti lija. Ine ndinalimo, ndipo nsapato yanga imodzi ikadali komweko mpaka lero.

Ulendowo unali wa kwaya yathu ya azimayi. Mayi Chimbalanga, amene amatitsogolera, anati tatopa n'kuyendera maliro ndi maukwati okhaokha, chaka chino tikaoneko dziko. Wina anatchula damu la pa mtsinje wa Nsambadzi, kumene amalandira alendo n'kuwaonetsa malo, ndipo tonse tinavomera. Ine ndinavomera mokweza kuposa onse, chifukwa chibadwire ndine munthu wa mafunso. Amayi amati ine ndinatsogoza pakamwa pobadwa, miyendo inachita kubwera pambuyo.

Amayi angawo ndi aNachanza, koma aliyense amawatcha make Elube, potengera ine mwana wawo wachisamba. Iwo saimba kwaya. Mudzi wawo, kwa Malikebu, uli pansi pa madzi a damu lomwelo. Anasamukako ine ndisanabadwe, ndipo moyo wanga wonse sindinawamvepo akulakalaka kukaonako. Ukawafunsa za kumeneko ankangoti, "Kuli madzi," nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye taganizani kudabwa kwanga atatulukira pa shopu panga n'kunena kuti ndiwasungire malo m'minibasi.

"Ndi bondo lanulo, amayi? Akuti kumeneko kuli masitepe osatha."

"Ndamva pa wailesi kuti chaka chino madzi aphwa kuposa zaka zonse," anatero. "Ndinasiyako kanthu. Sindifuna kufa ndisanakatenge."

"Kanthu kanji?"

"Undisankhire chitenje chabwino. Chofewa."

Ndinawasankhira chobiriwira cha timaluwa tachikasu. Anakachichapa, n'kuchichapanso, n'kuchiyanika pamthunzi, mpaka kuuma konse kwa chitenje chatsopano kunatha. Ine ndine telala, nsalu ndimazidziwa. Chitenje chimachapidwa choncho chikakhala kuti chikagunda khungu la khanda. Ndinayendetsa maganizo pa abale onse, koma woyembekezera panalibe. Ndinafunsanso, amayi anangochipinda bwinobwino n'kuchiika pansi penipeni pa chikwama chawo.

Tinanyamuka dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Tinaimba njira yonse mpaka pamene tinasiya msewu wa phula n'kulowa wafumbi. Kumeneko dziko linali louma gwa, mbuzi zikudya makungwa a mitengo. Pamalo pena, popanda nyumba ngakhale imodzi, panaima gogo wina wamfupi atanyamula kakhasu kakutha, ka mpini waufupi. Sanakweze dzanja kutiimitsa. A Dausi, dalaivala wathu, anangoima okha, ndipo pambuyo pake ananena kuti sakudziwa chimene anaimira.

Gogoyo analowa osapereka moni. Amayi, amene satha kusunthira munthu pampando ngakhale kutchalitchi, anasendera kuwindo n'kuweramitsa mutu ngati mtsikana wolangizidwa. Gogo uja anakhala pambali pawo. Ine ndinali mpando wakumbuyo, ndipo choyamba kuona chinali mapazi ake. Anali onyowa, matope akuda mpaka m'akakolo, m'dziko limene mvula inali isanagwe chichokere Malichi.

"Agogo, mukupita kuti?" ndinafunsa.

"Komwe mukupitako."

"Nanga khasu, mvula isanagwe?"

"Silolimira ili," anatero, osacheuka.

M'minibasi munayamba kumveka fungo la kudambo, la bango lovunda. Nyimbo ija inazilala yokha. Felesiya, mtsikana wa mawu okoma amene anasiya khanda lake kunyumba ndi alamu ake, anayesa kuyambitsa ina, koma palibe anamuyankha.

Pachipata cha damu anatilandira a Matewere, bambo wachinyamata wovala jekete lonyezimira, wenzulo ili pakhosi. Ntchito yawo ndi yoyendetsa alendo, ndipo mawu awo anawaloweza ngati katekisimu. Anatigawira zipewa zolimba, ife n'kumasekana, poti chipewa pamwamba pa duku sichikhala. Ine ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione mmene gogo uja chimukhalire, koma panalibe. Ena anati watsikira pachipata. A Dausi anati chitseko anatsegula kamodzi kokha, ndipo anali ataima pomwepo. Ndinabwerera kukasuzumira m'minibasi. Pampando paja panali ponyowa, basi.

Koma damu lija, anzanga, ndi chinthu. Khoma lake n'lotambalala moti galimoto imayenda pamwamba. Ukayang'ana mbali ino, madzi ali phee mpaka kumapiri. Ukayang'ana mbali inayo, phompho, ndipo pansi penipenipo mtsinje ukutuluka ukuchita thovu. Ndinafunsa kuti zitseko zachitsulo zotsekera madzi amazikweza ndi chiyani, nsomba zimadutsa pati, khomalo likang'aluka angathawe ndani. A Matewere anayankha zonse mosatopa, mpaka Mayi Chimbalanga ananditsina kuti ndipatseko anzanga mpata.

Kenaka anatambasula dzanja kuloza madzi.

"Pansi apo, amayi anga, panali midzi. Anthu onse anasamutsidwa mwaulemu. Ngakhale manda anasamutsidwa, mmodzimmodzi. Palibe amene anatsala."

Anali atatembenuka kale kuti tizipita pamene amayi anayankhula.

"Anasamutsa mandawo ndani, bambo?"

"Adzukulu a m'midzi momwemo, amayi. Abambo amene ankadziwa manda aliwonse ndi mwini wake."

"Nanga azimayi anafunsidwa?"

A Matewere anamwetulira, kusonyeza kuti funsolo munalibe m'katekisimu wawo. "Za kumanda ndi za abambo, amayi."

Koma ndinaona Mayi Chimbalanga ndi azimayi ena achikulire akuyang'anana, kenaka onse n'kuyang'ana pansi.

Kuchoka apo anatilowetsa m'kati mwa khoma lenilenilo. Muli njira yaitali ngati mphanga, yozizira, mababu ali patalipatali, madzi akudontha kudenga. Pansi pamanjenjemera chifukwa cha makina opukusa magetsi, ndipo kunjenjemerako umakumva m'mano. Tinkayenda mondondozana, ine ndi amayi kumapeto chifukwa cha bondo lija. Ndipamene ndinamva kumbuyo kwathu chitsulo chikukhukhuluzika pa simenti. Tikaima, chinkaima. Tikayenda, chinkayambanso.

"Achimwene, chikulira kumbuyoku n'chiyani?" ndinafuula.

"Ndi pampu, chemwali," mawu a Matewere anabwera kuchokera kutsogolo.

Ine pampu ndimaidziwa, siidikira munthu kuti ayende. Ndinacheuka. Mababu awiri akumapeto anali atathima, ndipo fungo la bango lija linali litatipeza.

Titatulukira kunja kumunsi kwa damu, amayi anakhala pa sitepe kuti apume, n'kutsegula chikwama. Anapisamo dzanja. Anakhuthula zonse pansi, mpango, mankhwala a bondo, mbatata yootcha. Chitenje chija munalibe. Chikwamacho chinali chisanachoke m'khwapa mwawo chichokere kunyumba. Nkhope imene anaonetsa sindinaionepo, ngakhale tsiku limene tinaika bambo.

"Ndimubereka ndi chiyani tsopano?" anatero.

"Ndani, amayi?"

Anzathu anali atatsogola kupita kumene kunali boti. Amayi anandikoka kuti ndikhale pambali pawo, ndipo anayankhula maso ali kumtsinje.

"Iwe sindiwe woyamba, Elube. Analipo mnzako, wamkazi. Anabadwa osalira."

Inu atsikana a masiku ano mwina simudziwa. Mwana wotero kwathu amati nthayo. Sapita kumanda a anthu onse, sapatsidwa dzina, ndipo salira maliro. Azimayi akuluakulu okha ndi amene amamutenga mwakachetechete n'kukamuika kudambo, m'mbali mwa mtsinje, m'kadzenje kosaya. Abambo sauzidwa malo ake. Ngakhale mayi wake sapita nawo, amatsala m'nyumba, ndipo amamuletsa kugwetsa msozi kuti angatseke mimba.

"Pamene ankasamutsa manda," amayi anapitiriza, "abambo anatenga awo amene ankawadziwa. Ife tinangokhala chete. Ukanayamba bwanji kuuza abambo nkhani ya kuchikuta? Aliyense ankaganiza kuti wina anena. Madzi anabwera."

"Ndiye malowo mukuwadziwa?"

"Sindinapiteko. Ndinangomva kuti ndi kumunsi kwa mkuyu wa padooko. Amene anamunyamula ndi azamba athu, aNaphiri a kakhasu."

Ndinatsegula pakamwa, koma amayi anandiyang'ana, ndipo funso lija ndinalimeza. Azamba amene anali kale okalamba ine ndisanabadwe. Pomwepo ndinakumbukira gogo wa kakhasu wa m'minibasi uja. Komanso, ndisaname, mtima unandipweteka. Zaka zonsezi ndakhala ndikunyadira uchisamba, kulamula azing'ono anga, osadziwa kuti dzina limene amayi amaitanidwa nalo ndinachita kulitola.

Wenzulo ya a Matewere inalira, ndipo tinapita ku boti.

Tsono boti likafuna kuchoka kumunsi kwa damu kupita kumtunda, silingakwere khoma. Pambali anamanga chipinda chachitali chopanda denga, chokhala ndi zitseko zachitsulo uku ndi uku. Iwo amati loko. Boti limalowa, amatseka chitseko chakumbuyo, n'kulowetsa madzi pang'onopang'ono mpaka botilo litakwera kufika pa msinkhu wa madzi a m'damu. Kenaka amatsegula chakutsogolo. Ine nditamva zimenezi ndinaiwalako mantha, ndinafuna ndione ndi maso anga madzi akunyamula anthu.

Tinavala majekete oyandamitsa n'kulowa. Abambo m'botimo anali awiri okha, a Matewere ndi woyendetsa, poti a Dausi anatsala akugona pansi pa mtengo. Chitseko chinatsekeka kumbuyo kwathu, ndipo kunada ngati kukubwera mvula. Makoma anali akuda, a ndere, aatali moti kumwamba kunkaoneka ngati kansalu kabuluu. Woyendetsa anazimitsa injini. Madzi anayamba kubwadamuka pansi pathu.

Ndiye kunamveka kulira.

Kunali kochepa, kotopa, kodukizadukiza. Sikunkachokera kumwamba kapena kutsogolo. Kunkamveka ngati kukuchokera m'madzi amene ankalowawo.

"Musaope, amayi anga," anatero a Matewere. "Ndi chitseko chakumtundacho, chimafuna girisi."

Ndinayang'ana anzanga, ndipo chimene ndinaona ndi chimene chinandiopsa kuposa kulirako. Azimayi onse m'boti muja ankagwedezeka. Mayi Chimbalanga, amene mwana wawo wotsiriza ali ndi ndevu, ankapita uku ndi uku, dzanja likusisita m'mwamba pa phewa pomwe panalibe kanthu. Nanenso bondo langa linkadumphadumpha lokha. Felesiya anagwira pachifuwa n'kuwerama. Bulauzi yake inali itanyowa mbali zonse ziwiri.

"Mkaka ukutuluka," ananong'ona. "Mayi, ameneyu ndi mwana. Ali ndi njala."

"Girisi timapaka kawirikawiri," a Matewere anatero, koma tsopano mawu a katekisimu aja anali atawathera. "Chimene chimandidabwitsa n'chakuti tikakweza abambo okhaokha, monga akatswiri a makina akabwera, chitsekochi sichilira."

Amayi anaika manja pamiyendo, maso ali pa chitseko chakutsogolo. Boti linakwera, kuwala kunabwerera, ndipo chitseko chija chinatseguka mosachita phokoso lililonse.

Kumtundako madzi anali ataphweradi. Mitengo yakufa inali itatulutsa mitu, yotuwa, akakowa atatera pamwamba. A Matewere anatilozera khoma la njerwa limene linangotulukira pang'ono, n'kunena kuti iwo chiyambire ntchito anali asanalionepo. Amayi anati chinali tchalitchi. Kenaka anayamba kutchula malo ngati akuyenda pansi. Apa panali bwalo. Apo panali nkhokwe za amalume awo. Njira ya kudooko inkatsika chakumanzereku. Woyendetsa boti, osauzidwa ndi munthu, ankangokhotera kumene chala chawo chaloza.

Tinazungulira kachilumba ka miyala, ndipo kutsogolo kwathu kunaoneka chidikha cha matope akuda, chachikulu, chong'ambikang'ambika m'mphepete. Pakati pake panali chitsa chachikulu cha mkuyu. Kumunsi kwa chitsacho chinthu chobiriwira chinali chitayalidwa bwinobwino, ngodya zonse zinayi zili zowongoka. Timaluwa tachikasu tija ndinatizindikira ndili patali, poti ndinadula ndekha chitenjecho. Chapatali pang'ono panaima munthu wamfupi atatsamira kakhasu.

"Anafikako bwanji kumeneko?" anafunsa a Matewere, koma sankafunsa ife. "Kulibe njira ya pamtunda."

"Ndikocheze pamenepo, mwanawe," amayi anauza woyendetsa.

"Ayi, amayi, sizololedwa," a Matewere anatero. "Matope amenewo amameza ng'ombe yathunthu. Ndiponso kuli ng'ona. Mukavulala, ine ntchito yatha."

Amayi sanakangane nawo. Anamasula zingwe za jekete lawo, n'kuliika pampando mwaulemu, n'kuponya mwendo wa bondo lopweteka uja kunja kwa boti. Ndinawagwira m'chiuno.

"Amayi, mufuna kufa?"

"Ndisiye, Elube. Ngati boti silifika, ndiyenda. Mvula ikagwa madzi abwerera, ndipo ine chilimwe china chonga chino sindidzachionanso."

Mayi anga ndimawadziwa. Ndinadziwa kuti ndikawasiya alowadi m'madzimo, ndipo ndikawakakamiza kubwerera kunyumba ndidzakhala nditabweza thupi lokha. Ndinachita mantha kwambiri, ndipo ndinayamba kulira ngati kamwana.

Mayi Chimbalanga ndi amene anaimirira, boti n'kupendama.

"Bambo Matewere, munati palibe amene anatsala. Alipo. Sitingakuuzeni zambiri, si nkhani ya abambo. Sendezani boti, kenaka inu ndi anzanuwo muyang'ane kumapiri uko mpaka titakuuzani."

A Matewere anayang'ana Felesiya ndi bulauzi yake yonyowa, anayang'ana amayi, kenaka anavula chipewa. Anagwedezera mutu woyendetsa. Boti linasendera mpaka linakhudza matope, ndipo abambo awiri aja anatembenuka n'kutipatsa misana.

Tinatsika awiri, ine ndi amayi. Phazi loyamba linalowa mpaka m'bondo. Polizula, nsapato inatsala, ndipo sindinaifunefune. Tinkayenda mogwirana, kuzula mwendo uwu, kuzula uwo, matope akutentha pamwamba koma pansi akuzizira ngati madzi a mumtsuko. Ine maso anali pa gogo uja, chifukwa ndinali ndi mafunso okwana dengu. Koma ndinayang'ana pansi kamodzi kuti ndiwathandize amayi, ndipo podzutsa mutu panali patatsala kakhasu kokha, katazikidwa m'matope.

Pozungulira chitenje chija panalibe phazi la munthu. Chinali chouma, chopanda ngakhale kadontho ka thope. Pambali pake panali kadzenje kosaya, kongokumbidwa kumene. Ndinasuzumira, poti ine ndine ine. Munalibe chilichonse choti ndingakuuzeni kuti ndinaona, dothi lakuda basi, losalala kuposa linzake.

Amayi anagwada. Anatapa dothilo ndi manja awiri, mosamala, n'kuliika pakati pa chitenje. Anatapanso kachiwiri.

"Ndine mayi ako," anatero motsitsa mawu. "Ndachedwa, mwanawe. Tiye kwathu."

Anakulunga, n'kuwerama monga amachitira mayi aliyense, ndipo ine ndinawaikira pamsana. Anakoka nsonga, ina pamwamba pa phewa, ina m'khwapa, n'kumanga pachifuwa. Manja awo sanaiwale.

Titatembenuka kuti tibwerere ndi pamene ndinaona kuti matope onse ozungulira chitsa chija anali ndi timaenje. Tinali tambiri, tosaya, tina apa tina apo, ndipo m'kamodzikamodzi munkatuluka tithovu. Pobwera sindinatione. Kenaka kumbuyo kwathu kulira kuja kunayamba, koma tsopano sikunali kwa mmodzi.

"Usacheuke," amayi anatero. "Usayankhe. Si athu, sitingawathe."

Anzanga, pa moyo wanga palibe chinthu chinandivutapo ngati chimenecho. Khosi linkachita kuyabwa. Mpendero wa siketi yanga unkakokedwa pang'onopang'ono, mwina ndi matope, mwina ayi, kukoka kwake kopanda mphamvu ngati kwa mwana wofuna kunyamulidwa. Ndinkafuna ndione, ndinkafunanso ndiwapepese. Koma ndinayang'ana mfundo ya chitenje pa phewa la amayi, n'kumazula miyendo, mpaka manja a anzathu anatikokera m'boti. Amene anali m'botimo ankayang'ana kumene ife tinachokera, ndipo mpaka lero palibe amene anandiuza chimene anaona. Felesiya ndikamufunsa amangoyamba nkhani ina.

Pobwerera, polowa mu loko, amayi anatembenuzira mutu paphewa n'kunena kuti, "Tikutsika tsopano, usaope." Madzi anaphwa pansi pathu, makoma akuda aja anakwera, ndipo tonse tinatchera khutu. Kunali zii. Kwaya yonse inayamba kung'ung'udza chapansipansi, popanda mawu, kanyimbo kamene palibe anakayambitsa.

Pachipata a Matewere anatilandira zipewa mmodzimmodzi. Atafika pa amayi anayang'ana chitenje chili kumsana, n'kutsitsa mawu ngati akuopa kudzutsa munthu.

"Amayi, agogo anga aakazi nawonso anali a kutsidya uko. Akadali moyo."

"Musawafunse inu," amayi anatero. "Mutume mlongo wanu. Ndipo afulumire, mitambo yayamba."

Za mawa lake n'zachidule. Azimayi achikulire anabwera m'mamawa, tinapita kukamuika mwanayo kudambo la kwathu kuno, ndipo ulendo uno amayi anapita nawo. Atamaliza anafunsa Mayi Chimbalanga ngati tsopano angalire, poti za mimba zinatha kalekale. Anawalola, ndipo analira mpaka dzuwa linakwera.

Koma chimene ndimafuna mumve chinachitika m'minibasi, tikubwerera. A Dausi sanauzidwe kanthu, koma anazimitsa wailesi, ndipo mabampu ankawakwera pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Pa mlatho uliwonse amayi ankati, "Tikuwoloka." Sakanatha kutsamira, ndiye anakhala chowerama njira yonse, bondo litatupa, matope akuumira m'miyendo. Titalowa msewu wa phula ndinawaona akuluma mano.

Anamasula mfundo ija, n'kuzunguliza chitenje kubwera nacho kutsogolo.

"Elube," anatero, "tamulandira mkulu wako. Msana wandipweteka."

Ndinatambasula manja. Ine ndinaona ndi maso anga zimene zinalowa m'chitenjemo, dothi la manja awiri basi. Koma chimene anandipatsa chinalemera kuposa pamenepo, ndipo kulemerako kunali mbali imodzi, kumene dzanja limadziwa lokha kuti liyenera kuchirikiza. Chinali chofunda. Ndikanatha kutsegula kansonga kamodzi n'kusuzumira, chala chinali pomwepo. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, sindinafune kudziwa.

Minibasi inagunda kadzenje, ndipo m'manja mwangamo munachita ngati mwadzidzimuka. Ndinachikokera pachifuwa.

"Shii, achemwali," ndinatero. "Gonani. Tatsala pang'ono kufika."